Diski Yapita ndi Nyama ya Nkhumba

Kompyuta ya ku ofesi ya mudzi inasankha sabata yoipa kuti idwale. Inadikira Gizela anenepetse nkhumba, aitane abale, asite suti ya bambo ake, iyo n'kuyamba kugogoda. Kho, kho, kho, ngati muli munthu m'kati akupempha kuti amutsegulire.

Bambo ake a Gizela, a Imrich, ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi Lamlungu lomwelo. Kwathu kuno munthu ukafika pamenepo sungodya keke n'kukagona ayi. Misa ikatha, zimkuzamawu za pa mapolo a magetsi zimatsokomola, a meya amatchula dzina lako, kenako nyimbo yako imalira mudzi wonse mpaka agalu a kumtunda kuyankha. Nyimbo ya a Imrich inali imodzi basi: ija anaimba ndi gulu la malipenga la ozimitsa moto, akadali ndi tsitsi ndi mano. Anzawo onse a m'gululo anatsogola. Kaseti yake wailesi inatafuna kalekale, mwamwayi wina atayamba waikopera mu kompyuta ya ku ofesi. Kwina kulikonse kunalibe. Gizela anali atalonjeza, ndipo mkuluyo anali atauza aliyense wodutsa pa mpanda, ngakhale wa positi, kuti Lamlungu atsuke m'makutu.

Lachisanu Gizela anapita ku ofesi kukakumbutsa za nyimboyo. Anapeza a meya ataima patali ndi kompyuta, manja kumbuyo, ngati ikhoza kuwaluma.

"Yangoyamba yokha, mayi Gizela. Sindinaikhudze."

"Zonse zimayamba zokha pakakhala mwamuna. Nyimbo ya bambo anga ili m'menemo?"

"Ilimo. Koma kuyaka, sikuyaka. Ikungoonetsa mdima ndi timalemba toyera. Ndiitana munthu sabata ya mawa."

"Sabata ya mawa bambo anga adzakhala atakula kuposa apa. Zulani zingwezo."

Sanadikire kuti avomere. Anakumbatira bokosi lonse, n'kuliika m'wilibala pamwamba pa bulangete, ulendo wa kunyumba m'chipale chofewa cha nyengo yozizira, akuimba foni ndi dzanja limodzi. Ankaimbira mwana wake Blanka, amene amakonza makompyuta ku tauni ndipo amabwera kumudzi pokhapokha kukamveka fungo la soseji.

Blanka anafika Loweruka, nkhumba itagona kale pa thabwa. M'khitchini munali nthunzi yokhayokha, adyo, tsabola, mabeseni a magazi ndi a mafuta, amalume akukangana za mchere. Blanka anakankha beseni limodzi, n'kutsegula mimba ya kompyuta pa tebulo lomwelo. Anayatsa, n'kutchera khutu. Kho, kho, kho. Anazimitsa msanga ngati wagwira mphika wotentha.

"Ndani wakhala akuiyatsayatsa?"

"Bambo ako, usiku wonse. Amati mwina ichita manyazi."

"Amayi, diski ikufa."

"Ikufa kapena yafa? Lankhula chimodzi. Maliro a nkhumba andikwanira lero."

Blanka anamasula tizomangira, n'kutulutsa kachitsulo kophwatalala, kotalika ngati chikhatho. Anati zonse za ku ofesi zimagona m'menemo. M'kati muli kambale kozungulira ndi kamkono kowerenga, ndiye kamkonoko kakupunthwa, kugogoda konse kuja n'komweko. Kuiyatsa kulikonse ndi kuikankhira kumanda. Diski yatsopano anabwera nayo m'chikwama, kompyuta idzuka lero lomwe. Koma yatsopanoyo ndi mbale yopanda kanthu. Nyimbo ili mu yodwalayi.

"Ndiye itulutsemo."

"Alipo akatswiri otsegula diski m'chipinda chopanda fumbi. Amatenga milungu."

"Ndati mawa."

Blanka anakanda m'mutu, n'kuseka ngati munthu woti anene zochititsa manyazi. "Ilipo njira ya kale. Anzanga ku ntchito atamva angandiseke mpaka Pasaka. Umaiika m'firiji youmitsa nyama, igone momwemo. Nthawi zina ikazizira zitsulo zimamasukirana, imadzuka pang'ono. Koma kamodzi kokha, amayi, ndipo iyenera kuyatsidwa ikadali yozizira. Ikafunda, basi, kwatha. Mwinanso osadzuka n'komwe."

"Kamodzi n'kokwanira. Iwenso ndinakubereka kamodzi."

Blanka anaitsekera m'pulasitiki bwinobwino kuti chinyezi chisalowe. Gizela anailanda. Pulasitiki yokha m'firiji ya nyama yatsopano? Idonthedwa magazi. Anaikulunga m'pepala loyera lomwe amakulungira nyama, n'kumanga ndi ulusi womwewo, mfundo yake yomweyo, poti manja a munthu sadziwa kumanga kwina. Anaiika pamwamba penipeni kuti m'mawa isavute kupeza.

Masana onse anathera pa diski yatsopano. Blanka anabaya fulashi, n'kuyamba kuikamo pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Gizela ankathira nyama m'matumbo, diso limodzi pa soseji, lina pa galasi la kompyuta.

"Ikufuna chiyani tsopano?"

"Ikufunsa chilankhulo."

"Iuze kuti chathu. Ikhala m'mudzi muno, isadzimve."

"Tsopano ikufunsa ngati tikuvomera malamulo ake."

"Ayi. Kana kaye."

"Amayi, ukakana siipita patsogolo."

"Kana, ione kuti sitikuifuna kwambiri. Itsitsa yokha."

"Si Gejza wogulitsa kabichi pa msika uyu. Iyi sinenerera."

"Chinthu chosanenerera n'chakuba," anatero Gizela, koma analola.

Kenako panabwera kamzere kokwawa ngati nkhono, ndi mawu akuti kwatsala pang'ono. Gizela anamanga soseji mtanda wonse, kukadali kutsala pang'ono. Anatsuka mabeseni, kukadali kutsala pang'ono. Mwadzidzidzi galasi linada bii.

"Yafanso! Blanka, yafanso!"

"Ikudziyatsanso yokha. Imatero."

"Imatero? Kukomoka pakati pa ntchito? Yatengera bambo ako."

Vendelin, mwamuna wake, anakweza kapu ya kachasu wa mapulamu kuchokera pa khomo, kuvomereza ubalewo. Dzuwa lisanalowe, galasi linawala ndi chithunzi cha phiri la kwina, kompyuta ili phee, yopanda kugogoda, yopanda kanthu m'mimba. Amalume anaiombera m'manja. A Imrich anasuzumira ndi ndodo yawo.

"Yalira?"

"Mawa, ababa. Kagoneni."

Tsono pali mwambo umene aliyense amaudziwa. Ukapha nkhumba sudya wekha. Umamanga mapukusi, soseji pang'ono, chiwindi, kanyama kabwino, n'kutumiza kwa aneba, iwonso nthawi yawo ikafika amabweza. Gizela anamanga ake Loweruka madzulo, n'kuwasanjika m'firiji kuti amphaka asawayendere. Lamlungu m'mawa, ali ndi zopiringizira tsitsi m'mutu, supu pa moto, keke yosapakidwa, anakuwa osatembenuka:

"Nkhalamba iwe, tenga mapukusi a pamwamba uwazungulitse anthu asanapite ku Misa!"

Vendelin ndi mwamuna womvera. Anatenga a pamwamba. Onse.

Blanka anadzuka, analumikiza zingwe zake, anakonza zonse kuti diski ikangotuluka m'firiji ilowe pa chingwe osapuma. Anatsegula firiji. Anamasula phukusi loyamba, nthiti. Lachiwiri, mapazi. Lachitatu, khutu la nkhumba linamuyang'ana.

"Amayi, mwaisuntha?"

Gizela anaima ndi chipande m'manja. Mutu unamuyendera msanga kuposa kompyuta iliyonse. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Vendelin n'kulowa, dengu lili mbee, masaya ali psuu. Nyumba iliyonse inamuthokoza ndi kakapu, ndipo iye si munthu wonyoza aneba.

"Kaphukusi kakang'ono, kolimba. Wakapereka kuti?"

"Kolemera ngati mwala? Kwa Paulina." Anamwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. "Ndinati kochepa kwambiri n'ka Paulina, ngati chaka chatha. Sindinalakwitse, eti?"

Paulina! Mwa anthu onse a m'mudzi uno. Anakulira limodzi ndi Gizela, benchi imodzi ku sukulu kwa nthawi yochepa imene onse awiri anapitako. Koma chaka chatha atsekwe a Paulina analowa m'dimba la Gizela n'kumeta letesi yense, ndiye nthawi ya nkhumba Gizela anamutumizira chikopa ndi mafuta okhaokha. Kuyambira pamenepo moni wawo unali wa m'mphuno.

Gizela anatuluka ndi masilipasi, epuloni ili m'chiuno, zopiringizira zikugwa m'chipale m'mbuyo mwake. Anamupeza Paulina pa geti, atavala chikhoti chake cha ku tchalitchi, chikwama atachipanikiza kukhwapa, nkhope ikuwala ngati munthu wopita kukalandira mphoto.

"Neba! Paulina wanga! Wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino kwambiri. Chaka chatha chikopa. Chaka chino chitsulo. Chaka cha mawa unditumizira chiyani, Gizela, njerwa?" Anasisita chikwama. "Ndikupita nacho ku Misa. Ndikachiika pa khonde la tchalitchi, amayi onse aone nyama ya kwa Gizela."

"Chili m'chikwamamo? Kukhwapa? Chotsa kukhwapa, mkazi iwe, chikufunda!"

"Chifunde. Mwina chifewa, tidye."

Gizela anatsitsa mawu. Anafotokoza mwachangu, mawu akupondana: diski, firiji, nyimbo ya ababa, Vendelin ndi mutu wake wa kachasu. Akulankhula anaona maso a Paulina akusintha, ndipo anazindikira kuti walakwitsa chimene iye mwini amaletsa ana ake pa msika. Waonetsa njala pamaso pa wogulitsa.

"Ooo," anatero Paulina pang'onopang'ono. "Ndiye n'chamtengo."

"Ika kaye pa chipilala apo, pali chipale. Tikambirane chili pozizira."

Paulina anatulutsa kachitsuloko, kakadali m'pulasitiki yake, n'kukakhazika pa chipale cha pamwamba pa chipilala cha geti. Koma dzanja sanachotsepo patali.

"Mwendo wonse wa kumbuyo. Wofukiza."

"Mwendo! Nkhumba yanga inali ndi miyendo ngati bongololo? Ndili ndi abale odzaza basi. Soseji."

"Soseji yako imachuluka mpunga."

"Imachuluka mpunga? Unaidya liti?"

"Ndiye nkhani yake imeneyo, sindinaidye. Mwendo."

"Nthiti, ndi chiwindi."

"Belu loyamba lalira kale, neba. Ine ndilibe changu, Mulungu amadikira. Kaya chitsulo chako."

"Phewa. Phewa lonse, ndipo ukundivula epuloni pamsewu."

"Phewa, ndi mpando pa phwando. Pafupi ndi mbaula, osati pa khomo pamene mumakhazika apongozi."

"Tenga. Bwera nacho."

"Sindinathe." Paulina anaongola kolala. Amayi atatu opita ku Misa anali ataima kutsidya la msewu, akunamizira kumanga mipango. "Unene, awa akumva, kuti atsekwe anga sanalakwe. Mpanda wako ndiwo unali wothyoka."

Apa ndiye panawawa. Phewa ndi nyama chabe, nkhumba ina idzabwera. Koma mlandu wa atsekwe Gizela anausunga chaka chathunthu ngati ndalama ya m'pilo. Anayang'ana kachitsuloko. Dzuwa linali litayamba kufika pa chipilala, chipale chikunyezimira madzi. Anatembenukira kutsidya, n'kukuwa mokweza mpaka khwangwala anauluka:

"Atsekwe a Paulina ndi angelo! Mpanda wanga ndiwo unawaitana! Mwamva? Pitani kokapemphera!"

Anatsomphola diski n'kuliyatsa liwiro. Paulina anayang'ana ku tchalitchi, anayang'ana Gizela, n'kuona kuti Misa imabwera sabata iliyonse koma izi ayi. Anakwinya chikhoti n'kumutsatira.

Blanka anali chilili pa tebulo, chingwe m'manja. Anang'amba pulasitiki, anapukuta, anabaya. Vendelin anavula chipewa.

Kho.

Kho.

"Mayi Maria," anatero Paulina.

Kenako kanamveka kaphokoso kena, kosalala, ngati njuchi ili m'botolo. Pa galasi panatuluka kabokosi.

"Yadzuka! Amayi, yadzuka! Musagwedeze tebulo! Ababa, chokani pa tebulo!"

M'kati munali chipwirikiti cha zaka zonse za ofesi: nyimbo za maliro, za maukwati, zolengeza za katemera wa agalu, zithunzi za a meya akudula maliboni. Blanka anati zonse sizingapulumuke, asankhe.

"Siya maliboni afe! Ozimitsa moto, funa ozimitsa moto!"

Anaipeza. Anaikoka kuti ilowe mu diski yatsopano. Kamzere kaja kanabweranso, kokwawa. Kanayenda bwino mpaka pakati, n'kuima. Kho. Kho, kho.

"Ikutentha," anatero Blanka, mawu atachepa. "Ndipatseni chozizira. Chilichonse, chikhale m'pulasitiki."

Gizela anatukula chivindikiro cha firiji. Anatulutsa chiwindi chouma gwa, n'kuchikhazika pamwamba pa diski. Paulina anabwera ndi thumba la nandolo, n'kuliika m'mbali. Vendelin anabweretsa khutu lija.

"Osakanikiza! Mungokhudza!"

"Ndikungokhudza. Paulina ndiye akukanikiza ngati akukanda buledi."

"Chiwindi chako ndicho chikutsetsereka."

"Khalani chete nonse, ndikumvetsera!"

Anaima choncho pafupifupi Misa yonse, amayi awiri akuluakulu, wina m'chikhoti cha ku tchalitchi wina m'masilipasi onyowa, atagwirizira nyama pa kachitsulo, zala zikuchita dzanzi. Paulina anayamba kuseka. Anayesa kudzigwira, zinakanika, mapewa akugwedezeka, nandolo zikulira m'thumba. Gizela anamuponda phazi, kenako nayenso chiseko chinamutengera, misozi ikutsika, akutukwana chapansipansi. Kamzere kanasuntha. Kanaima. Kanasunthanso, n'kuthamanga kufika kumapeto.

Diski inagogoda kamodzi, mofatsa, n'kungoti zii. Blanka anaikhudza, anaiyesanso, palibe.

"Yapita. Koma nyimbo yawoloka."

"Yonse?"

"Ikuoneka yonse. Ndiimvere kaye."

"Umvera ndi mudzi wonse. Belu ilo, anthu akutuluka. Wilibala!"

Anafika ku ofesi a meya atangolowa, akupukuta magalasi, pepala la mawu awo lili m'manja. Blanka anagwada pansi pa tebulo kulumikiza kompyuta ku makina a zimkuzamawu. Anayatsa. Phiri lija silinabwere. Panabwera timadontho tozungulira ndi mawu.

"Ikuti chiyani?"

Blanka anatseka maso. "Yapeza intaneti. Ikuti ikudzikonza, tidikire, tisaizimitse."

A meya anali atayatsa kale maikolofoni. Anatsokomola, mapolo onse n'kutsokomola nawo. Anayamba: okondedwa anthu a m'mudzi uno, lero ndi tsiku lalikulu. Anatchula a Imrich, anatchula zaka zawo, anatchula moto umene anazimitsa ndi umene unawakanika. Anayang'ana Blanka. Timadontho tikuzungulirabe. Anawonjeza za ubwino wa ukalamba. Anakumbutsa anthu za kuchotsa chipale pa makomo. Mawu anawathera, anangoyamba kumwetulira maikolofoni.

Gizela anawerama pa galasi, manja m'chiuno.

"Tamvera iwe chitsulo. Ndakunyamula pa wilibala ngati mkwatibwi. Ndataya phewa la nkhumba, ndapepesa atsekwe pamsewu chifukwa cha iwe. Ukapanda kuimba pompano, ndikuponya m'khola ukaikire mazira!"

Mawu akewo anawamva akubwerera kuchokera panja, kuchokera ku polo la pa sitolo, kenako la ku tchalitchi, kenako la kumtunda: mazira, mazira, mazira. Kunja kunaphulika chiseko cha mudzi wonse wovala za Lamlungu. A meya anaphimba maikolofoni ndi chipewa, mochedwa.

Timadontho tinazimirira. Phiri linabwera. Blanka anadina.

Poyamba kunamveka kuwayawaya kwa kaseti yakale, ndi munthu wina akutsokomola kutali, zaka zambiri zapitazo. Kenako malipenga anang'amba mlengalenga.

Gizela sanadikire kuthokoza munthu. Anathamangira kunyumba, silipasi imodzi inatsala m'njira, sanaibwerere. Pa bwalo abale anali ataunjikana, Paulina ali kutsogolo ngati mwini nyumba. A Imrich anali ataima pakati, m'suti yawo, chipewa pa chifuwa, ndodo ataiiwala pa mpanda. Zala za dzanja lamanja zinkadina m'mwamba, pa lipenga losaoneka, osaphonya. Gizela anaima pa geti, akupuma ngati ng'ombe yolima, osafuna kuwasokoneza.

Nyimbo itafika pakati, mkuluyo anakweza chala, n'kudikira. Ng'oma yaikulu inagunda.

"Apo! Wamva, Paulina? Wamva? Bambo ako amenewo pa ng'oma! Alowanso mochedwa!"

"Bambo anga sanachedwepo, amalume Imrich. Inu a malipenga ndinu munkathamangira ku mowa."

"Mochedwa! Tinamuuza tsiku lomwelo, anakana. Lero mudzi wonse wamva!" Anaseka mpaka kutsamwa, misozi ikulowa m'makwinya, Vendelin akuwamenya pamsana. Atapezanso mpweya anafunafuna ndi maso mpaka anamuona mwana wawo pa geti, phazi limodzi lili pa chipale.

"Gizela, waimiranji pamenepo? Pita ukawauze abwereze. Paulina uyu akukanabe."